Anandimeta Mbali Imodzi

Amayi anzanga, musadabwe kuti ndavula duku pamaso panu. Amayi abusa andiloleza. Ndikufuna muuone mutuwu mmene ulili, tsitsi langoyamba kumene kumera, chifukwa nkhani yanga yagona pamenepa. Amene simundidziwa, ndine Esinati, mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono, mwana wa a Mwale aja anaphunzitsa theka la Chipata muno kuwerenga ndi kuimba. Amene mukundidziwa, dzina limene munkanditchula kumbali ndikulidziwa: mayi wozungulira mutu wa nyumba yotseka makatani. Sindinakwiye nalo. Makataniwo analidi otseka.

Mantha ndinakula nawo. Ndili mtsikana, atate akachedwa pang'ono kusukulu ndinkakhala nditawaika kale m'manda m'maganizo mwanga. Kunyumba ankangoseka, amati Esinati ali ndi mtima wa nkhuku. Nditakwatiwa ndi a Soko, amene anali kalaliki wa katundu wodutsa pachipata cha malire ku Mwami, zinachepa, chifukwa iwo anali munthu wosadziwa kuda nkhawa. Ndikayamba zanga ankati, "Amake Nelia, mwaphanso ndani lero?" Ine n'kuseka, mtima n'kukhala pansi. Nelia ndiye mwana wathu mmodzi yekhayo.

Chaka chotsatira njala ya chimanga chachikasu ija, Nelia ali ndi zaka zitatu, a Soko anabwera kuchokera kuntchito akudandaula mutu. Ndinawapangira tiyi. Analandira kapu, anamwa pang'ono, anandiyang'ana ngati akufuna kundifunsa kanthu, kapu n'kugwa pansi. Basi. Kuchipatala anati mtsempha unaphulika m'mutu chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Koma tikukawaika kwawo, kumudzi wa kuseri kwa Mtenguleni, manong'onong'o anali atatitsogolera kale: munthu wamphamvu zake angafe bwanji kapu ya mkazi wake ili m'manja?

Kwa a Soko ndi Angoni, ndipo mwambo wometa amausunga wonse. Maliro akaikidwa, pakapita masiku, banja limasonkhana pabwalo. Mkazi wamasiye ndiye amayamba kumetedwa, kenako ana, kenako abale. Onse akameta, maliro atha, ndipo akuluakulu amakhala pansi kukamba za ana ndi katundu. Palinso chimene aliyense kumeneko amachidziwa ngakhale sachinena mokweza: mkazi wa mtima woyera amakhala phee, koma amene akudziwapo kanthu pa imfa ya mwamuna wake, lezala limamukana. Ine ndinkazidziwa zimenezi. Ndinakhala pamphasa m'mawa umenewo ndikudziuza kuti Esinati, usagwedezeke ngakhale pang'ono.

Wometa anali alamu anga a Belita, mlongo wawo wamkulu wa a Soko. Anandinyowetsa mutu ndi madzi a sopo n'kuyamba mbali ya kumanja. Atafika kuseri kwa khutu, china chake chinandigwira pakhosi. Mtima unayamba kugunda ngati ukufuna kubowola nthiti. Manja anachita dzanzi, thukuta lozizira linatsika kumsana, anthu onse pabwalo anaoneka ngati ali kutali. M'mutu munatsala mawu amodzi okha: ukufa, ukufa pompano ngati mmene anafera amuna ako. Sindinaganize za mwambo, sindinaganize za manong'onong'o. Ndinakankha dzanja la a Belita, ndinadzambatuka, n'kuliyatsa liwiro kudutsa m'munda wa mapesi kuloza kumsewu, mutu wometa mbali imodzi, sopo akundilowa m'maso.

Nelia anandithamangira m'mbuyo akukuwa, "Amama! Amama!" mpaka wina anamunyamula. Ndinamumva. Musaganize kuti sindinamumve. Miyendo yokha ndiyo sinamve.

Atate anapita kukapepesa. Anabwerako ndi mawu ochepa: a kwa Soko akuti mkaziyo wadziweruza yekha. Mwana ndi wawo, ng'ombe za malowolo anapereka, ndipo akhala ndi a Belita kufikira tsiku limene mayi wake adzabwere kudzamaliza kumetedwa. Mwamva, amayi? Sananditsekere khomo. Sanafune mbuzi, sanafune ndalama. Chimene chinkafunika kuti nditenge mwana wanga n'chakuti ndikwere minibasi, nditsike, ndikhale pamphasa kanthawi kochepa. Chinthu choti mwana wa sukulu akhoza kuchita. Ine chinandikanika zaka zinayi.

Ndinayesa. Ndinapita pasiteshoni ndi kadiresi ka Nelia m'chikwama, ndinakwera, ndinakhala. Kondakitala atangotseka chitseko, chija chinabweranso, ndipo ndinatsika ndikuponda anthu mapazi, ndikukuwa kuti ndikufa. Kuyambira pamenepo chinkandipeza paliponse. Chinandipeza m'kalasi choko chili m'manja, ndinasiya ana okhaokha n'kuthawira kuseri kwa zimbudzi, ndipo zitachitika kangapo a hedimasitala anandiuza mwaulemu kuti ndikapume kaye. Chinandipeza mumsika wa Kapata, ndinasiya dengu. Chinandipeza m'tchalitchi muno, pakati pa nyimbo. Ndiye ndinasiya msika, ndinasiya tchalitchi, ndinasiya ngakhale kukatunga madzi pampopi wa panja dzuwa lili pamutu. Ndinabwerera m'nyumba ya atate, n'kutseka makatani, tsiku lonse chala chili pamtsempha wa dzanja kumvetsera ngati mtima ukadagunda.

Thandizo ndinalifuna, musati ndinangokhala. Ena a inu munabwera kudzandipempherera, ndipo ndikuthokoza, ngakhale ena munandiumba mutu mwamphamvu pofuna kutulutsa chiwanda mpaka khosi linandiwawa sabata yonse. Azakhali anga ananditengera mobisa kwa sing'anga wina cha ku Mwami. Mkuluyo anaombeza, anati ndi mzimu wa amuna anga, kenako n'kutulutsa lezala kuti anditeme mphini. Lezala, kwa ine! Nkhuku imene tinapita nayo inatsala komweko, ndi nsapato yanga imodzi.

Mukuseka, ndipo n'zoseketsadi. Koma chotsatirachi sindiseka nacho. Mayi wina woyandikana nafe, wotcheza kachasu, anandiuza kuti kadontho kamodzi kamakhazika mtima pansi. Sananame. Kanaukhazikadi, kwa kanthawi. Mawa lake chija chinabwera ndi ukali woposa, ine n'kuwonjeza kadontho. Posakhalitsa ine, mwana wa mkulu wa mpingo, ndinkamwa kachasu m'kapu ya tiyi m'mawa kusanatenthe. Atate ankapita kumudzi kukaona Nelia n'kubwera ndi nkhani: wagweruka mano, wayamba sukulu, akudziwa kulemba dzina lake. Ine ndinkamvetsera, n'kulowa kuchipinda, n'kudzaza kapu. Ndinali mayi wodziwa mwana wake kudzera m'kamwa mwa nkhalamba.

Tsiku lina ndinaiwala kapu patebulo. Atate anaitenga kuti amwere madzi, n'kuinunkhiza. Munthu amene moyo wake wonse sanalawepo ngakhale chibuku. Ndinadikira ulaliki, ndinadikira vesi. Anatuluka nayo panja, anaitsuka okha ndi phulusa, anaipukuta, n'kuibwezera m'kabati. Kenako anavala jekete lawo la pa Sabata n'kunena kuti, "Esinati, valani. Mtima umene mukuti ukuima uja tikauonetse kwa eni ake."

Anachita kundigwira dzanja njira yonse, maso nditatsinzina. Kuchipatala anandipima zonse, mtima, magazi, chifuwa. Adokotala anati thupi lilibe vuto, koma pali wina woti ndikaonane naye kunyumba ya kuseri. Mukuidziwa nyumba imeneyo. Ndi ija timaloza ndi mlomo tikamadutsa, kwa amisala. Ndinakana. Ndinati ndi bwino ndikafere kunyumba kusiyana n'kuti anthu andione pakhomo limenelo. Atate anandisiya ndikulankhula, anayenda okha, n'kukakhala pabenchi ya pakhonde pa nyumbayo, poonekera aliyense wodutsa. Anthu amene anawaphunzitsa ankadutsa n'kumawapatsa moni modabwa. Iwo ankayankha bwinobwino, chipewa chili pabondo. Atandiona ndaima patali anati, "Mwana wanga, ngati ndi manyazi, ndayamba ndine. Bwerani mudzakhale."

M'katimo ndinapeza Sisita Njobvu, namwino amene anakaphunzira za matenda a maganizo ku Lusaka, mayi wamfupi, wa mawu aakulu. Sanandifunse ngati ndimamva mawu a mizimu. Anati, "Aphunzitsi, ndiuzeni mmene chimayambira." Ndinayamba kufotokoza za pakhosi, iwo n'kuti, "Kenako mtima." Ndinati inde. "Kenako dzanzi m'manja, ndipo mumaona ngati mukufa kapena mukupenga." Ndinawayang'ana ngati mfiti. Ndinafunsa kuti wawauza ndani. Anaseka, anati anthu amene akhalapo pampando umenewo ndi nkhani yomweyo ndi ambiri, amalonda, apolisi, ngakhale abusa.

"Matendawa ali ndi dzina," anatero. "Ndi nkhawa yopyola muyeso. Si misala, si chiwanda, ndipo si mlandu. Belu la kusukulu mukulidziwa. Thupi nalonso lili ndi belu lake lochenjeza pakagwa zoopsa. Lanu linaonongeka tsiku limene amuna anu anagwa pamaso panu, ndiye limangolira lokha, ndipo inu likalira mumatulutsa sukulu yonse panja. Mukathawa, thupi limakhulupirira kuti kuthawako ndiko kwakupulumutsani, mawa limaliranso kwambiri."

Ndinawauza za kapu ya tiyi. Sanatukule nsidze. Ndinawauza za Nelia ndi za lezala, ndipo anati ndizibwera Lachiwiri lililonse.

Ulendo wachitatu ndi umene sindidzauiwala. Anati, "Lero tichiitana dala. Dzukani, muthamange kuzungulira nyumba ino." Ndinati kodi wodwala ndine kapena inu? Anati thamangani. Ndinathamanga, mayi wamkulu, chitenje ndagwira m'manja, atate akundiyang'ana pabenchi paja. Nditabwerera, mtima unali pakhosi, ndipo chija chinafika chonse, dzanzi, thukuta, mdima m'maso. Ndinalunjika kukhomo. Sisita sananditsekereze. Anangokoka mpando n'kunena kuti, "Khalani apa. Imfa yanuyo tiidikire limodzi. Ikabweradi, chipatala ndi chomwe chino."

Ndinakhala. Sindikudziwa kuti mphamvu zake ndinazitenga kuti, koma ndinakhala. Anandigwira dzanja. "Musalimbane nacho. Kokani mpweya pang'ono, kenako muutulutse pang'onopang'ono ngati mukuuzira phala la mwana." Ndinauzira. Chinakwera, chinakwera, ndinati basi apa ndapita. Ndinauziranso. Kenako ndinamva kuti zala zayamba kubwerera. Phokoso la m'makutu linachepa. Ndinamva munthu akusesa panja. Mtima unatsika wokha, popanda kachasu, popanda kuthawa.

"Yapita kuti imfa ija?" anafunsa Sisita.

Amayi, ndinalira tsiku limenelo kuposa pa maliro a amuna anga. Sikunali kulira kwa chimwemwe ayi. Ndinalira chifukwa ndinaona kukula kwake kwa chinthu chimene chinandilanda mwana. Chinthu choti ukachidikira chimatha chokha, madzi a tiyi asanawire n'komwe. Ndikanakhala pamphasa paja kanthawi kochepa chabe, ndikanabwerera kuno Nelia ali kumsana.

Kuchira sikunabwere tsiku limodzi, ndipo wina asakunamizeni. Kachasu ndinasiya movutikira, atate atakalankhula ndi mayi woyandikana nafe uja kuti asandigulitsenso. Adokotala anandipatsa timapiritsi toti ndimwe kwa miyezi ingapo, ndipo anadzandisiyitsa okha pang'onopang'ono. Koma ntchito yaikulu inali imene Sisita ankandipatsa Lachiwiri lililonse, ngati homuweki ya mwana wa sukulu. Poyamba kungotsegula makatani. Kenako kukaima pageti mpaka chija chibwere ndi kupita. Kenako kukagula mchere pagolosale. Kumsika ndinalephera kawiri, ndinabwerako ndikulira kuti palibe chikusintha, iwo n'kungoti, "Mwathawa dzulo, chabwino. Mawa mupitenso." Anandiphunzitsanso kufunsa maganizo anga ngati mmene ndimafunsira mwana wonama m'kalasi: wati ndikufa, umboni wako uli kuti, dzulo unanenanso zomwezo, ndinafa? Minibasi ndinayamba ndi kukwera n'kutsika pasiteji yotsatira, makondakitala mpaka anandizolowera, amati amayi a ulendo waufupi abwera. Pomaliza ananditumiza kukakhala pabenchi ya wometa wa pansi pa mtengo kumsika, kumangoonerera, mpaka tsiku limene ndinagula lezala langa n'kuligwira m'manja. Kupemphera sindinasiye. Ndinkapemphera ndili m'minibasi, osati ndili kuseri kwa makatani.

Kusukulu anandilandiranso. Ndipo mwezi wokolola chaka chino ndinauza atate kuti tiyeni ku Mtenguleni.

Tinafika dzuwa litakwera. Akuluakulu anasonkhana, atate anafotokoza, inenso ndinafotokoza ndekha kuti ndinadwala, ndipo matendawo ndi otere. A Belita anamvetsera nkhope ili gwa. Pomaliza anati, "Alamu, ine zaka zonsezi ndimati munamudyetsa mlongo wanga. Mukuti ndi matenda. Chabwino. Mphasa ndi iyo."

Ndinatulutsa lezala langa lija n'kuwapatsa. Anandinyowetsa mutu. Atafika kuseri kwa khutu, pamalo pomwe paja, chija chinabwera. Musaganize kuti chinachita manyazi ndi anthu. Chinabwera chonse. Ndinayang'ana munda wa mapesi uja, njira ya kumsewu ili pomwepo. Ndinauzira phala. Ndinauziranso. Tsitsi linkagwera pachitenje, ine ndili phee. Kenako ndinamva madontho otentha akugwera pamutu pamene ameta kale, ndipo ndinadziwa kuti si madzi a sopo. A Belita ankameta akulira. Atamaliza, mkulu wa banja anaimirira n'kunena kuti maliro a mwana wawo atha lero, mkaziyu alibe mlandu, mwana atenge.

Nelia anafika kuchokera kusukulu nthawi yomweyo, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, wamtali, chipumi cha atate ake. Kadiresi kamene ndinanyamula sikakanamulowa ngakhale mkono. Anandiyang'ana, anabisala kumbuyo kwa a Belita, n'kufunsa, "Amama, alendowa ameta chifukwa chiyani? Wamwalira ndani?"

A Belita anati, "Awa ndi amako okubereka. Abwera kudzakutenga, ukakhale nawo ku Chipata."

Mwana anandiyang'ananso. "Aja anathawa aja?"

Wina anamuuza kuti akalonge zovala zake. Nelia anagwira chitenje cha a Belita ndi manja onse awiri. Ndinaona chifuwa chake chikukwera ndi kutsika mofulumira, milomo ikuuma, maso akuyang'ana njira yothawira. Ndipo ndinamva mwana wanga akunena mawu anga omwe: "Amama, manja anga! Amama, ndikufa!" Azimayi anayamba kukuwa kuti mutengereni madzi, ena kuti ndi mzimu wa atate ake. Pabwalo lonselo munthu amene ankadziwa chimene chikuchitika ndinali ine ndekha.

Ndinagwada patsogolo pake. Sindinamukhudze, chifukwa kwa iye ndinali mlendo. Ndinati, "Nelia, sukufa. Inenso chimandigwira chimenechi. Tiye tiuzire phala, latentha. Chonchi." Ndinauzira, iye akundiyang'ana. Ndinauziranso. Kachitatu anauzira nane. Tinakhala choncho, ine ndi mutu wanga wometa, iye atakakamira chitenje cha mayi wina, mpaka chinamusiya.

Pamenepo ndinadziwa chochita, ndipo mtima unasweka ndisanatsegule pakamwa. Mwana ameneyu anaonapo kale mayi mmodzi akuchoka. Ndikanamukoka tsiku limenelo, ndikanamulanda wachiwiri. Ndinati, "Alamu, mwanayu akhale. Ndizibwera ine." Atate anavala chipewa chawo n'kuyang'ana kumbali. Tinakwera minibasi awiri, monga tinapitira. Zaka zinayi ndinkalota ulendo umenewo Nelia ali pamiyendo panga, koma pamiyendo panali chikwama.

Ndiye amayi anzanga, ngati pali wina pano amene mtima umamuthamanga popanda chomuthamangitsa, amene wasiya msika, amene amakhala kufupi ndi khomo m'tchalitchi kuti athawe msanga, ndikukuonani, chifukwa mpando umenewo unali wanga. Pitani akakupimeni thupi, ndipo akakuuzani za nyumba ya kuseri ija musakane. Lachiwiri ndimapitako, ndikhoza kukuperekezani, ndipo pabenchi ndikhala ndine. Matendawa amachizika, ine ndi uyu ndaima pano. Koma musadikire ngati ine. Sisita anandibwezera msika, kalasi ndi minibasi. Zaka za mwana wanga analibe pozitenga.

Kumudzi ndimapita mwezi ukatha. A Belita amandilandira bwino tsopano, ndipo tagwirizana kuti tchuthi chikubwerachi abwere naye kuno akaonane ndi Sisita. Nelia amanditchula kuti amama a ku Chipata. Ulendo wathawu, kwa nthawi yoyamba, anandiperekeza yekha mpaka kumsewu, atagwira nsonga ya chitenje changa. Minibasi itaonekera patali anandifunsa, "Mukamapita chonchi, mumakhala mukuthawa kapena mukungopita?"

Ndinati, "Ndikungopita, mwana wanga. Ndibweranso."

Anaganiza pang'ono, anati, "Chabwino." Kenako anasiya chitenje changa n'kuthamangira kwa amake.

Ndathera pamenepa, amayi. Ndipatsireni duku langalo.